Wina wagwira mawu, wina wagwira biti: nyimbo yomwe dzina lake latithawa tiipeza bwanji?

Tadala: Funso kwa odziwa za nyimbo pagulu pano. Anthu awiri amvera nyimbo imodzi, nthawi imodzi. Mawa lake wina akutha kutchula mawu a vesi yonse koma chuni chamuthawa. Mnzake akuimba chuni bwinobwino mpaka kagitala kapakati kaja, koma mukamufunsa kuti nyimboyo ikukamba za chiyani, angoti kukamwa yasa. Kusiyanaku ndi chibadwa kapena chizolowezi? Nanga nyimbo ikakukakamira m'mutu dzina lake usakulidziwa, njira yachangu yoipezera ndi iti?

Ankolo Besi: Achemwali, funso lachiwirilo silingayankhike loyambalo lisanamveke. Nyimbo ndi mtolo wa zinthu zingapo: mawu, chuni, biti, ndi kamvekedwe, kutanthauza mtundu wa liwu la woimba ndi momwe zida zinatulukira pojambula. Khutu limalandira zonse pamodzi koma mutu umasankha chosunga. Vuto la ambiri ndi lakuti agwira chuni, koma akufufuza ndi chida chomwe chimafuna kamvekedwe, kenako n'kumati pulogalamuyo ndi yachabechabe. Munthu akuimbira Shazam, pulogalamu yapafoni yozindikira nyimbo ikamalira, ndi pakamwa. Ngakhale ataimba mpaka kusasa mawu sipatuluka kanthu, sinapangidwire ntchito imeneyo.

Mphatso K.: Ankolo alasa pamene pali nkhani. Ndifotokoze chifukwa chake, chifukwa ukadziwa momwe chinthu chimagwirira ntchito susowanso pogwira chikakanika.

Shazam inayamba ku United Kingdom mu 2002. Nthawi imeneyo munthu ankaimba nambala 2580, n'kulozetsa foni komwe nyimbo ikulira, dzina n'kubwera pa SMS. Apple inaigula mu 2018. Njira yake anailongosola poyera Avery Wang mu 2003. Pulogalamu imatenga masekondi angapo a zomwe maikolofoni yamva n'kuzisandutsa chithunzi: chopingasa ndi nthawi, choimirira ndi kukwera kapena kutsika kwa mamvekedwe. Pachithunzipo imataya pafupifupi zonse, n'kusiya timadontho ta pamene mphamvu inaposa malo ozungulira. Timadonthoti imatimanga tiwiritiwiri: aka kali pa Hz zakuti (Hz ndi muyezo wa kukwera kwa mamvekedwe), kanzake pa Hz zakuti, pakati pawo pali kanthawi kakuti. Manambala atatuwa ndiwo chidindo.

Zidindo zikafika ku seva, sikuti imangosankha nyimbo yomwe ili ndi zidindo zofanana, chifukwa nyimbo zosiyana zimagawana zingapo mwangozi. Imafuna nyimbo yomwe zidindo zambiri zikugwirizana mondondozana, pa mtunda womwewo wa nthawi. N'chifukwa chake phokoso la anthu silimaisokoneza kwambiri, timadontho tamphamvuto timaonekerabe. Koma woimba yemweyo akaimba nyimbo yomweyo pasiteji, zidindo zonse zasintha, ndiye kwa Shazam imeneyo ndi nyimbo ina. Siidziwa nyimbo, imadziwa chojambula.

Ankolo Besi: Ndiwonjezere kagwiritsidwe kake. Musayandikire sipika yaikulu, maikolofoni ya foni imadzaza n'kuyamba kung'amba mamvekedwe, timadontho tija n'kusokonekera. Bwererani mmbuyo pang'ono, chotsani chala pakabowo ka maikolofoni, dikirani DJ asiye kulankhula, mupatse masekondi 10 kapena 15. Ikakana pakolasi yesani pavesi. Pamene DJ akulowetsa nyimbo ina pamwamba pa inzake musayese n'komwe, ikupatsani imodzi mwa ziwirizo kapena yachitatu yosadziwika komwe yachokera.

Tadala: Nanga ngati palibe pomwe ikulira, ili m'mutu mokha?

Chisomo wa Kiyibodi: Pamenepo mukufuna chida chomvera chuni. Google inaika njira yofufuza mong'ung'udza mu Okutobala 2020. Tsegulani pulogalamu ya Google pafoni, dinani kamaikolofoni, sankhani pofufuzira nyimbo, kenako ng'ung'udzani, imbani mluzu kapena imbani ndi mawu masekondi 10 mpaka 15. SoundHound nayo imalandira za pakamwa. Zida izi zilibe nazo kuti liwu lanu ndi lozuna kapena mwayambira kiyi yanji. Zimatsata kukwera ndi kutsika kwa manoti komanso kutalika kwa noti iliyonse.

Pomwe anthu amagwera ndi apa. Ambiri amasakaniza mizere iwiri: ayamba ndi chuni cha woimba, woimbayo akapuma iwo alumphira pa gitala yoyankha, kenako abwereranso. M'mutu mwawo zikumveka ngati nyimbo yeniyeni chifukwa mutu ukudzaza zotsalazo, koma foni ikumva mzere umodzi wokhotakhota womwe kulibe. Tsatani woimba yekha, akapuma nanunso pumani. Chinanso, kung'ung'udza mutatseka pakamwa kumamata manoti awiri ofanana n'kukhala imodzi yaitali. Nenani "ta ta ta" kuti noti iliyonse ikhale ndi poyambira pake. Ndipo musayambire pamwamba. Mukafika pokwera liwu likukanikani, mutsika kiyi pakatikati osazindikira, chuni chonse n'kupindika. Yambirani pakati pa liwu lanu.

Rap njira imeneyi siyenda nayo bwino, chifukwa manoti ake sayenda kwambiri. Pamenepo pitani ku mawu.

Aphunzitsi Zimba: Palinso njira yakale yosafuna foni kumva kanthu. Mu 1975 Denys Parsons anatulutsa buku lomwe linasanja machuni masauzande ndi zilembo zitatu zokha. Noti yoyamba mumalemba kanyenyezi. Iliyonse yotsatira mumaifanizira ndi yomwe yangodutsa: ikakwera mulemba U, ikatsika D, ikabwereza R. Mwachitsanzo do, mi, mi, re, fa zimalembedwa *URDU. Simufunika kudziwa kuti yakwera motani, bola mwamva kuti yakwera. Manoti asanu sakwanira, machuni ambirimbiri amayamba mofanana, koma mukafika pa 15 otsala amakhala ochepa kwambiri. Phindu lake lero ndi lakuti mungatumizire woimba kiyibodi pa uthenga wolemba, iye n'kuyesa, popanda inu kuchita manyazi ndi liwu lanu.

Nabanda: Tonse tathamangira ku chuni, ogwira mawu tawasiya. Ndipo pali bodza lomwe limayenda loti wogwira mawu ndiye "womvetsera", enawo amangovina. Ayi ndithu. Kumva mawu m'nyimbo n'kovuta pachokha, ndipo zifukwa zake zimadziwika.

Polankhula, tanthauzo limanyamulidwa kwambiri ndi zilembo monga s, f, t, k, p. Poimba, woimba amakoka a, e, i, o, u chifukwa ndimo mumakhala noti, zinazo n'kungodutsa ngati mphezi. Zilembo zija n'zofooka kale, ndipo mbali yaikulu ya kamvekedwe kake ili kumtunda, kuyambira cha pa 2000 Hz, komwenso kuli ma cymbal ndi gitala yamagetsi. Wosakaniza nyimbo akathira reverb yambiri, kuwirikiza kwa liwu ngati m'holo, mchira wa liwu limodzi umakwirira mutu wa liwu lotsatira. M'zilankhulo zomwe kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo muli vuto lina: chuni chimalanda kakwezedwe kaja, mawu awiri osiyana n'kumveka chimodzimodzi. Mutu ukasowa chidutswa sukhala chete, umapeka mawu oyandikira n'kuwakhulupirira. Mlembi wina wa ku America, Sylvia Wright, anatcha zomva molakwikazi mondegreen m'magazini ya Harper's mu 1954, ndipo dzinalo linakhazikika.

Ndiye pofufuza ndi mawu musadalire kuti zomwe mwagwira n'zolondola zonse. Tengani mawu 5 mpaka 7 otsatizana, muwaike pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, mufufuze. Pakapanda kutuluka kanthu, ndiye kuti liwu limodzi mwalimva molakwika. Chotsani zizindikirozo, musiye mawu atatu omwe mukuwatsimikiza. Sankhani a muvesi, osati a mukolasi. Mawu ngati chikondi, mtima, usiku ali m'nyimbo zosawerengeka, koma dzina la chinthu chachilendo, la malo kapena nambala limakufikitsani msanga. Mawu otsekera mzere ndiwo amamveka bwino kawirikawiri chifukwa woimba amawakoka.

Mavuto: Zonsezi n'zabwino koma funso loyamba mwalizemba. Kwa ine ndi chibadwa basi. Ena anabadwa ndi khutu la nyimbo, ena alibe. Munthu woti chuni sichimukhala ungamuphunzitse chaka chonse, ng'oo.

Aphunzitsi Zimba: A Mavuto, gawo lina mwalondola koma ndi laling'ono kuposa momwe mukuganizira. Alipo anthu omwe anabadwa ndi vuto losiyanitsa manoti oyandikana, limatchedwa congenital amusia. Makutu awo ali bwino, zolankhula amamva, koma chuni chikasinthidwa noti imodzi sazindikira, ndipo nyimbo yodziwika ikaimbidwa popanda mawu saidziwa. Isabelle Peretz wa ku Montreal wafufuza kwambiri nkhaniyi, ndipo kafukufuku wake wa 2017 anapeza kuti ndi anthu pafupifupi 1.5 pa 100 alionse. Amenewo mawu ndi liwu la woimba ndizo zogwirira zawo.

Koma otsalawo, omwe amadzinena kuti alibe khutu, ambiri amasunga zochuluka kuposa momwe amadziwira. Mu 1994 Daniel Levitin anauza anthu wamba kuti aimbe pamtima nyimbo zotchuka zomwe amazikonda, n'kufanizira ndi zojambula zenizeni. Ambiri anayambira pa kiyi yeniyeniyo kapena pafupi nayo kwambiri. Mu 1996 iye ndi Perry Cook anayang'ana liwiro, n'kupeza kuti maimbidwe 72 pa 100 sanapatuke kupitirira 8 peresenti pa liwiro lenileni. Ndiye chuni chimakhalamo m'mutu. Chomwe chimavuta ambiri ndi kuchitulutsa pakhosi, ndipo limenelo ndi luso lina, la minofu ndi kuyeserera.

Mavuto: Nanga aja amangomva "ti" kamodzi basi atchula kale dzina? Amenewonso mukuti si chibadwa?

Mphatso K.: Achimwene, zimenezo pafupifupi aliyense amachita pa nyimbo zomwe wazimvera kambirimbiri, ndipo chogwira ntchito pamenepo si chuni ayi. Mu 1999 Glenn Schellenberg ndi anzake anaseweretsa anthu tizidutswa ta nyimbo zotchuka totalika mamilisekondi 200 ndi 100, kuti atilumikize ndi mayina omwe anapatsidwa. Anthu analondola kuposa momwe kungolota kungaperekere. Mamilisekondi 100 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, mulibe liwu lathunthu, mulibe biti, noti mwina imodzi. Chotsala ndi kamvekedwe kokha. Tizidutswa ta 100 tija atatiseweretsa chobwerera mmbuyo, kapena atachotsa mamvekedwe akumtunda, luso lija linatha. Carol Krumhansl anachitanso zofanana mu 2010 ndi mamilisekondi 400, popanda mndandanda wosankhapo, ndipo anthu ankatchula woimba ndi dzina la nyimbo kopitirira kamodzi pa kanayi kalikonse.

Mwanjira ina, mutu wa munthu uli ndi ka Shazam kake. Umadziwa chojambula. N'chifukwa chake munthu yemweyo wothamanga kutchula dzina amatha kukhala kakasi nyimboyo ikaimbidwa ndi kwaya kapena pa piyano yokha, pamene wogwira chuni amaizindikira nthawi yomweyo.

Ankolo Besi: Pali china chomwe sichikutchulidwa: chomwe munthu amamverera. Chizolowezi cha khutu chimapangidwanso ndi sipika. Chingwe chotsikitsitsa cha besi ya zingwe zinayi, E, chimalira pa 41 Hz. Kasipika ka foni sikangakankhe mpweya wokwanira kumeneko, mphamvu yake imayambira kumtunda ndithu, pa ma Hz mazana angapo. Besi ya zingwe imamvekabe pang'ono pafoni chifukwa noti iliyonse imabwera ndi ana ake, 82, 123, 165 mpaka kumtunda, ndipo mutu ukamva anawo umadzipangira mayi wawo ngakhale palibe. Koma besi ya 808, yopangidwa ndi makina, yosalala ilibe ana ambiri, pafoni imangozimiririka. Opanga nyimbo odziwa ntchito amaithira distortion pang'ono mwadala kuti ana aja abadwe.

Ndiye tengani anthu awiri. Wina amamvera pa kasipika ka foni tsiku ndi tsiku, kwa iye nyimbo ndi liwu la woimba ndi ka hi-hat. Wina amamvera pa masipika okhala ndi subwoofer, kwa iye nyimbo ndi mzere wa besi. Mukawafunsa kuti nyimbo ija imayenda bwanji, aimba zinthu ziwiri zosiyana, onse osanama.

Chisomo wa Kiyibodi: Ndi omwe amavala hedifoni khutu limodzi. Nyimbo za stereo zimagawa zida kumanja ndi kumanzere, ndipo zojambula zambiri za m'ma 1960 zinkakankhira chida chathunthu, nthawi zina liwu lenilenilo, mbali imodzi. Khutu limodzi ndiye kuti theka la gulu silinabwere. Ngati mumakonda kumvera choncho, tsegulani Mono audio, imapezeka pansi pa Accessibility pa Android ndi pa iPhone pomwe. Imaphatikiza mbali zonse ziwiri n'kuzitumiza ku khutu lililonse.

DJ Kachere: Ogwira biti ndiwo amavutika kuposa onse pofufuza, chifukwa palibe bokosi lomwe ungalembemo "du du tsa". Komanso biti si ya nyimbo imodzi. Ku Jamaica n'chizolowezi chenicheni kuti wopanga atulutse riddim imodzi, oimba ambiri n'kuikapo nyimbo zawo. Sleng Teng ya 1985, yomwe inachokera pa kakiyibodi ka Casio MT-40 n'kutuluka kudzera kwa King Jammy ndi Wayne Smith, yanyamula nyimbo mazanamazana. Kachidutswa ka ng'oma ka masekondi 6 kapena 7 ka m'nyimbo ya The Winstons ya 1969, komwe timakatcha Amen break, kali m'nyimbo masauzande za hip hop ndi drum and bass. Munthu akati "nyimbo iyi ndikuidziwa", nthawi zambiri wadziwa riddim kapena sample, kachidutswa kobwerekedwa ngati kameneka, osati nyimboyo.

Chochita ndi ichi. Pezani liwiro: gundani chala motsatira biti, werengani kugunda kwa masekondi 15, chulukitsani ndi 4, mwapeza BPM, kugunda kwa pa mphindi imodzi. House imakhala cha pa 120 mpaka 128, amapiano cha pa 110 mpaka 115, reggaeton cha pa 90 mpaka 100, drum and bass cha pa 170. Mukatero mwachepetsa kale kofufuza. Samalani ndi msampha wa theka: biti imodzimodzi wina aiwerenga 70 chifukwa akutsata snare, wina 140 chifukwa akutsata hi-hat. Nambala ikaoneka yosagwirizana ndi mtundu wa nyimbo, ichulukitseni kapena igaweni ndi 2. Kenako ngati mukudziwa nyimbo ina iliyonse yokhala ndi biti yomweyo, ilembeni pa webusaiti ya WhoSampled, muona komwe inatenga ndi ena omwe anatengako. Za dancehall fufuzani dzina la nyimbo yodziwikayo pamodzi ndi liwu loti riddim, mndandanda wonse utuluka.

Chisomo wa Kiyibodi: Oimba zida nafenso tili ndi msampha wathu wofanana ndi umenewo, ma chord. Mzere wa 1, 5, 6, 4, womwe mu kiyi ya C ndi C, G, Am, F, uli pansi pa nyimbo zotchuka zosawerengeka. Woimba gitala akamva amati waidziwa, pamene wangodziwa msewu womwe magalimoto ambiri amadutsa. Ma chord okha sangakupezereni dzina. Amathandiza pongotsimikizira mukakhala ndi mayina awiri kapena atatu oti musankhepo.

Tadala: A DJ, nanga tinyimbo ta m'mavidiyo afupiafupi tija, liwu lokhala ngati la mwana? Shazam nthawi zina imapeza, nthawi zina ayi.

DJ Kachere: Zimenezo n'zothamangitsidwa. Chojambula chikathamangitsidwa mwachindunji, liwiro ndi kiyi zimakwerera limodzi. Kukwera kwa semitone imodzi, kasitepe kochoka pa noti kufika pa yoyandikana nayo pa kiyibodi, ndi pafupifupi 6 peresenti, ndiye nyimbo yothamangitsidwa ndi 25 peresenti yakwera pafupifupi ma semitone 4. Zidindo zomwe a Mphatso afotokoza zija zasuntha zonse, ma Hz akwera, mipata ya nthawi yafupika. Ikapezeka, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti eni nyimbo anatulutsanso yothamangayo payokha, kapena kusinthako kunali kochepa.

Kuti muibwezeretse, jambulani kachidutswako, katsegulireni mu Audacity, pulogalamu yapakompyuta yosinthira zojambula, yomwe ndi yaulere, musankhe chosinthira chomwe chimasintha liwiro ndi kiyi pamodzi, osati cha tempo yokha. Mukasankha cha tempo yokha nyimbo ichedwa koma liwu likhalabe la mwana, ndipo Shazam ikanabe. Apa ndi pomwe masamu amagwetsa anthu: yokwezedwa ndi 25 peresenti simuitsitsa ndi 25, mumaitsitsa ndi 20, chifukwa 1 kugawa ndi 1.25 ndi 0.8. Popeza simudziwa kuti anaikweza motani, yesani 0.9, kenako 0.85, 0.8, 0.75, mukumvetsera pomwe liwu layamba kumveka ngati la munthu wamkulu. Pamenepo itulutseni pa sipika, foni ina imvere. Zochedwetsedwa zothiridwa reverb zija muchite mosemphanitsa, yambani ndi 1.1 kukwera.

Ngati mulibe kompyuta, njira ya chuni imagwirabe ntchito, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa manoti sikunasinthe. Ng'ung'udzani pa liwiro labwinobwino.

Nabanda: Ndipo musanavutike ndi zonsezo, yang'anani dzina la kamvekedwe lomwe limalembedwa pansi pa vidiyo, mulidine. Likalembedwa kuti original sound silikuthandizani, koma mavidiyo ena ogwiritsa ntchito komweko amaoneka, ndipo pansi pa lomwe laonedwa kwambiri nthawi zambiri wina anafunsa kale dzina n'kuyankhidwa.

Mavuto: Chabwino, za chibadwa ndagonjako theka. Koma pali mtundu wina wa anthu simunautchule: omwe amadziwa nyimbo ndi dzina lolembedwa pafayilo. Amakangana nawe mpaka thukuta kuti nyimbo iyi ndi ya uje chifukwa foni yawo yalemba choncho.

Mphatso K.: Amenewo ndiwo ovuta kuwatembenuza, chifukwa ali ndi "umboni". Dzina lomwe foni imaonetsa pa MP3 limachokera mu ID3 tag, kachikwama ka zolemba komamatira kufayilo. Mtundu woyamba, wa 1996, unali ma byte 128 kumapeto kwa fayilo, dzina la nyimbo zilembo 30, la woimba 30. Aliyense angathe kulembamo chomwe wafuna. Munthu mmodzi akalakwitsa, kapena akaikamo dzina la woimba wotchuka kuti fayilo iyende, cholakwikacho chimafalikira kwa aliyense wolandira, ndipo pakapita zaka chimasanduka "chodziwika". Zimachitika kwambiri pakati pa oimba a mawu ofanana.

Kukonza kwake: MusicBrainz Picard, yaulere pakompyuta. Ponyanimo mafayilo, dinani Scan. Imapanga chidindo cha kamvekedwe kudzera mu AcoustID n'kufanizira ndi nkhokwe yake, osayang'ana dzina lolembedwa. Musadine Lookup poyamba, imeneyo imadalira zolemba zomwe zili kale mufayilo, zomwe ndi zomwe mukuzikayikirazo. Onaninso kutalika kwa nyimbo musanasunge. Fayilo yanu ikakhala mphindi 3 ndi masekondi 40 pamene yomwe yapezeka ndi mphindi 5, mwina ndi ya pawailesi yodulidwa kapena remix.

Aphunzitsi Zimba: Mkangano wa "nyimboyi ndi ya ndani" umakulanso chifukwa liwu loti nyimbo timalitchulira zinthu ziwiri. Pali chopeka, kutanthauza mawu ndi chuni, ndipo pali chojambula. Amalonda a nyimbo amazisiyanitsa ndi manambala awiri. ISWC ndi ya chopeka. ISRC ndi ya chojambula, ili ndi zilembo ndi manambala 12: ziwiri zoyamba kawirikawiri za dziko, zitatu za wolembetsa, ziwiri za chaka, zisanu za chojambulacho. Chopeka chimodzi chingakhale ndi ma ISRC makumi, ya musitudiyo, ya pasiteji, remix, ndi za oimba ena omwe anaibwereza. Wogwira chuni ndi mawu akukamba za chopeka, ndiye amati nyimboyi ndi yakale. Wogwira kamvekedwe akukamba za chojambula, amati yatuluka chaka chino. Musanakangane funsanani kuti mukunena chiti.

DJ Kachere: Kamvedwe kasinthanso ndi mibadwo, ndipo opanga nyimbo akutsatira. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikadutsa masekondi 30, ndiye palibe wofuna kuti womvera adumphe asanafike pamenepo. Hubert Léveillé Gauvin anayeza nyimbo zomwe zinafika pa khumi zapamwamba ku America kuyambira 1986 mpaka 2015, napeza kuti nthawi yodikira woimba asanayambe inatsika kuchoka pa masekondi opitirira 20 kufika pafupifupi 5. Amene anakula ndi mawailesi ndi makaseti anazolowera kudziwa nyimbo ndi chiyambi cha zida. Amene akukula ndi mavidiyo afupi amadziwa masekondi 15 apakati, ndipo chiyambi chikalira sazindikira kuti ndi nyimbo yomwe amaikonda ija mpaka itafika pamalo pake. Pofunsa munthu kuti akuthandizeni kupeza nyimbo, muuzeni ngati chomwe mukuimbacho ndi chiyambi, kolasi kapena kachidutswa ka pavidiyo.

Nabanda: Kamodzi kokha ndikhudze za makutu enieniwo, chifukwa ena omwe amati "masiku ano oimba satchula mawu" vuto lili kwa iwo. Phokoso likamawononga khutu limayambira kumtunda, cha pa 4000 Hz, dera lomwe lija la s, f ndi t. Munthu amamvabe besi ndi chuni bwinobwino, mawu okha ndiwo amasanduka phala. Bungwe la WHO limati wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukakweza ndi ma decibel 3 nthawiyo imadulidwa pakati: 83 ndi maola 20, 86 ndi maola 10. Chizindikiro chake n'chakuti kumva zolankhula pagulu la anthu kumavutanso, osati m'nyimbo mokha. Zikatero kayezetseni makutu.

Tadala: Zikomo nonse. Funso lomaliza: munthu wogwira mawu okha angadziphunzitse kumva zinazo? Kapena wa biti kuyamba kumva mawu?

Chisomo wa Kiyibodi: Angathe, koma osati pomvera nyimbo zambiri. Tengani imodzi yomwe mumaidziwa kale, mahedifoni onse awiri, muimvere kanayi motsatizana. Ulendo woyamba tsatani ng'oma yaikulu yokha, mukugunda phazi. Wachiwiri besi yokha, mukuing'ung'udza. Ikakusowani, tsegulani equalizer mutsitse zonse za pamwamba pa 250 Hz, iyandama yokha, kenako bwezerani pang'onopang'ono muone ngati mukuigwirabe. Wachitatu chida chimodzi chapakati, kiyibodi kapena gitala. Wachinayi woimba. Kuvuta kwake n'kwakuti woimba akangoyamba khutu limathawira kwa iye, ndiye yambani ndi malo omwe iye wapuma, mugwire chidacho, musachitaye akabwerera.

Wofuna kumva mawu achite mosiyana: alembe papepala zomwe akumva mzere ndi mzere asanaone mawu enieni, kenako afanizire. Malo omwe walakwitsa amabwerezabwereza, kawirikawiri ndi pomwe liwu limodzi lakokedwa pa manoti angapo kapena pomwe mawu awiri amatana.

Ankolo Besi: Pa equalizer paja, a Chisomo, 250 Hz ndi bwino pa mahedifoni. Pa kasipika ka foni mukatsitsa zonse za pamwamba pa 250 mutsala ndi chete, chifukwa cha zomwe ndanena zija. Amene alibe mahedifoni asiye mpaka cha pa 800 Hz kuti ana a besi atsale.

DJ Kachere: Ndipo sankhani nyimbo ya besi ya zingwe poyambira, reggae kapena funk, komwe besi imayenda ngati chuni. Za 808 muzisiyire sabata yachiwiri.